Danylo Shumuk ndi manda a ku Volhynia: Poland ndi Ukraine akumbukira mosiyana

Danylo Shumuk atafika ku Canada m'chaka cha 1987 anali nkhalamba yopitirira zaka 70, ndipo zaka 42 mwa zaka zimenezo anazithera m'ndende, m'misasa ya akaidi ndiponso kumalo akutali kumene boma linkaponya anthu otsutsa. Bungwe la Amnesty International linamenyera nkhondo ufulu wake kwa nthawi yaitali monga mkaidi womangidwira maganizo ake. Ndikumukumbukira lero chifukwa moyo wake wagona pamalire penipeni pamene Poland ndi Ukraine amasemphana akamakamba za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse.

Shumuk anabadwa mu 1914 m'chigawo cha Volhynia, chomwe pakati pa nkhondo ziwiri zija chinali m'manja mwa Poland koma lero chili kumadzulo kwa Ukraine. Oyamba kum'manga anali Apolishi, chifukwa ali mnyamata anali wachikomyunizimu, ndipo anakhala m'ndende zawo zaka zoposa zisanu. Mu 1941 anagwidwa ndi Ajeremani ali m'gulu lankhondo la Soviet Union, natsekeredwa kumsasa wa akaidi a pankhondo ku Khorol, m'chigawo cha Poltava, kumene anthu ankafa ndi njala tsiku lililonse. Anathawa, ndipo akubwerera kwawo wapansi, kugona m'midzi ya anthu osawadziwa, anamva kwa eni ake za njala ya 1932 ndi 1933 imene boma la Stalin linadzetsa. Chikhulupiriro chake mu chikomyunizimu chinathera pa ulendo umenewo. Mu 1943 analowa gulu la zigawenga zomenyera ufulu wa Ukraine lotchedwa UPA, mu 1945 anagwidwa ndi Asoviet n'kugamulidwa kuti aphedwe, koma chilangocho chinasinthidwa kukhala zaka 20 za ukaidi, ndipo mu 1953 anali mmodzi wa otsogolera kuukira kwa akaidi kumisasa ya ku Norilsk, kumpoto kwa Siberia.

Zilembo zitatu zija, UPA, ndizo gwero la mkangano. Kwa Apolishi dzinali limawakumbutsa Lamulungu la pa 11 July 1943, pamene midzi yambiri ya Apolishi ku Volhynia inaukiridwa ndi a UPA tsiku limodzi, anthu ena n'kuphedwa ali m'tchalitchi pa misa. Akatswiri a mbiri ku Poland amawerengera kuti Apolishi pafupifupi 100,000 anaphedwa ku Volhynia ndi kum'mawa kwa chigawo choyandikana nacho cha Galicia, ambiri a iwo amayi, ana ndi okalamba. Mu 2016 nyumba ya malamulo ya Poland inagamula kuti zimenezi zinali zofuna kutha mtundu, nikhazikitsa 11 July kukhala tsiku lokumbukira ophedwawo. Ukraine anali atatenga kale njira ina chaka chimodzi m'mbuyomo, chifukwa lamulo la mu April 2015 linazindikira a UPA ngati omenyera ufulu wa dziko oyenera ulemu. Kwa Ayukreniya ambiri, makamaka akumadzulo, UPA ndi anyamata amene anakana kugonjera Moscow mpaka m'zaka za m'ma 1950, ndipo za Volhynia amazitcha tsoka la mbali zonse ziwiri, popeza Ayukreniya zikwi zambiri anaphedwanso pobwezera.

Ndikayika njira ziwirizi pasikelo, ndimaona kuti Poland ali ndi mfundo yolimba pa nkhani ya manda. Munthu aliyense amene anaikapo m'bale wake akudziwa kuti maliro osaikidwa mwaulemu sachoka mumtima mwa ofedwa, ndipo mabanja ambiri a ku Poland mpaka lero sadziwa dzenje limene agogo awo anaponyedwamo. Mu 2017, chipilala chokumbukira a UPA chitagwetsedwa m'mudzi wa Hruszowice ku Poland, Ukraine analetsa Apolishi kufukula mafupa a anthu awo. Kumeneku kunali kulanga akufa chifukwa cha mkangano wa amoyo, ndipo sindiona chodzikhululukira nacho. Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo zaka zisanu ndi zitatu za chiletsocho sizinachepetse mkwiyo ngakhale pang'ono.

Komabe Poland nayenso amakumbukira mosankha. Ndale za dzikolo zimatchula Volhynia kawirikawiri, koma sizitchula mofanana zimene zinam'fikitsa mnyamata ngati Shumuk m'ndende, monga kupondereza sukulu ndi matchalitchi a Ayukreniya m'zaka za m'ma 1930. Mu 1947 boma la Poland linasamutsa mokakamiza Ayukreniya pafupifupi 140,000 kuwachotsa m'midzi yawo ya kum'mwera chakum'mawa. Tinene chilungamo, nyumba ya Senate ya Poland inadzudzula kusamutsa kumeneku mu 1990, ndipo chimenecho ndi chinthu chimene nyumba ya malamulo ya Ukraine sinachite momveka chimodzimodzi pa za Volhynia.

Apa ndi pamene ndimam'patsa Shumuk ulemu waukulu. M'zolemba za moyo wake, zimene zinam'mangitsanso mu 1972 kwa zaka 10 ndi zina 5 za kumalo oponyedwako, sanadzudzule Asoviet okha. Analembanso za nkhanza zimene anaona mkati mwa gulu lake lomwe, makamaka za nthambi ya chitetezo imene inkapha anthu pongowakayikira. Zolembazo zitatuluka kunja, ena mwa Ayukreniya okhala m'mayiko akutali anakhumudwa nazo, poona ngati akupereka zida kwa adani. Mu 1984 bungwe la Canadian Institute of Ukrainian Studies ku Edmonton linazisindikiza m'Chingerezi iye akadali m'manja mwa boma la Soviet Union. Munthu amene anamangidwa ndi maboma atatu akanatha kudzionetsa ngati wosalakwa pakati pa osalakwa, ndipo palibe akanam'tsutsa, koma anasankha kunena za mbali yake yomwe.

Maboma awiriwa ayesapo kuyenda njira imeneyo, ngakhale mokayikakayika. Mu 2003 pulezidenti wa Poland Aleksander Kwaśniewski ndi pulezidenti wa Ukraine Leonid Kuchma anakumana ku Pavlivka, umodzi mwa midzi imene inaukiridwa, ndipo mu July 2023 mapulezidenti Andrzej Duda wa Poland ndi Volodymyr Zelensky wa Ukraine anaimirira pamodzi m'tchalitchi ku Lutsk, mzinda wa ku Volhynia. Mu 2025 Ukraine analola kufukula mafupa ku Puzhnyky, m'chigawo cha Ternopil, ndipo anthu ophedwa mu 1945 anaikidwa m'mabokosi pamaso pa abale awo.

Shumuk sanazione zimenezi zomalizazi. Mu 2002 anachoka ku Canada kubwerera ku Ukraine kuti akakhale pafupi ndi mwana wake wamkazi, ndipo anamwalira mu May 2004 mu tawuni ya Krasnoarmiisk, imene lero imatchedwa Pokrovsk, yomwe asilikali a Russia anaiphwasula ndi mabomba pa nkhondo imene inakula mu 2022 Russia italowa mu Ukraine.