Anyamata a m'magalaja kuno ku Kasungu, dry ice si ayezi wa mu fuliji ayi

Ndinati ndikhale chete mtima utsike kaye koma ayi zakanika, ndilankhule basi mwina wina amva asanapite kumanda ndi sipanala m'manja. Ine ndakulira pansi pa galimoto kuno ku Kasungu, kuyambira nthawi imene injini zinalibe makompyuta, koma zimene ndinaona Loweruka lapitali sindinazionepo.

Mwana wa mlongo wanga, makaniko ndithu wamanja abwino, anaona mavidiyo a pa Facebook otsuka galimoto ndi dry ice, munthu wagwira chimfuti chotulutsa utsi woyera akuwomba kunsi kwa galimoto yakale, girizi ndi matope kumangoyoyoka chesisi kuwala ngati yatsopano. Basi mutu wazungulira. Anapita ku Lilongwe, anakapeza zibuma za dry ice kwa anthu ena ake, kuika mu cooler box pampando wakumbuyo, mawindo tseke, ulendo wa pa M1 makilomita opitirira 100 amenewo. Akuti pofika pa Mponela mutu unali utayamba kale, pa Madisi maso akulemera, iye nkumati ndi dzuwa. Dzuwa lake liti? Ndi katundu wakoyo amakupha pang'onopang'ono iwe!

Atafika sanapume nkomwe, waphwanya zibuma zija ndi hamala chimanjamanja, wathira mu mfuti yopoperera mchenga, walumikiza kompresa, walowa m'dzenje lija timakonzera galimoto, pikapu ya kasitomala ili pamwamba, chitseko cha galaja chokhoma ati fumbi lisalowe. Ine ndimangodutsa kukabwereka jeke. Ndinamupeza atakhala pansi m'dzenjemo watsamira khoma, akupuma wefuwefu ngati wathamanga kuchokera ku Chinkhoma, ndikumuitana akungondiyang'ana. Ndinatsegula chitseko chonse, ndinagona chafufumimba m'mphepete nkumukoka ndi kolala ya ovolosi. Atatsitsimuka mawu ake oyamba, amalume musawauze mayi. Ndawauza, ndipo ndikuuzanso nonse.

Tamverani ana inu. Chinthu chimenechi, dry ice, si madzi oundana. Ndi mpweya wa carbon dioxide, womwe uja timapumira kunja, auumitsa mpaka kukhala chibuma, ndipo kuzizira kwake ndi madigiri 78 kunsi kwa ziro. Sichisungunuka kukhala madzi ayi, chimangosanduka mpweya, ndipo kilo imodzi yokha imatulutsa malita opitirira 500. Mpweyawo ulibe fungo, suoneka, chinthunzi choyera chija mumachiona ndi chinyezi chabe cha m'mlengalenga. Choopsa kwambiri nchakuti ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, ndiye sukwera kumadenga, umatsika nkukadzaza malo otsika ngati madzi m'chitsime, ndipo m'galaja malo otsika ndi ati ngati si dzenje lomwelo mwalowamo? Umayamba mutu, chizungulire, kupuma mothamanga, kenako miyendo yakana kukwera masitepe atatu okha. Ndipo mnzako akakomoka m'menemo iwe nkudumphiramo osaganiza, maliro amakhala awiri.

Zala zake panopa ndi matuza okhaokha, kuzizira koteroko kumawotcha khungu ngati moto. Ndamvanso wina akuti tiike mu botolo la pulasitiki titseke chisathe msanga. Mwapenga? Mpweya ukasowa potulukira botololo limaphulika, maso amenewo simudzagula ku sitolo ya masipeya.

Musandimve molakwa, njirayi payokha si yoipa. Amene amaidziwa amagwiritsa makina ake opangidwira zimenezo, timibulu tating'ono ngati mpunga, kompresa yaikulu osati yopopera matayala, atavala magolovesi okhuthala, zotchinga maso ndi zotseka m'makutu chifukwa phokoso lake ndi logonthetsa, galimoto ili pamwamba pamalo podutsa mphepo. Kuzizirako kumaumitsa girizi nkuching'alula, kamubulu kakamenya kamasanduka mpweya nkutukula nyansiyo, pansi pamatsala zinyalala zouma zokha, palibe madzi olowa m'mawaya kapena mchenga wotsalira m'mabeyaring'i. Zabwino ndithu. Koma ndi kutsuka chabe kumeneko.

Apa ndi pamene eni galimoto nanunso ndikukudzudzulani. Mumafuna kunsi kuwale muzijambula, osafunsa kuti chachoka ndi chani. Phula lakale lija ndi mafuta amene amatchinga chitsulo zimatha kuchokera limodzi ndi matope, chitsulo nkutsala chamaliseche, ndipo dzimbiri lozama dry ice salichotsa, amangoliulula. Galimoto zambiri za ex-Japan izi, zina zinayenda kumadera a chipale chofewa ngati Hokkaido kumene amathira mchere m'misewu, zimafika kuno dzimbiri litayamba kale m'makona. Kenako ife tomwe Novembala akafika tikusenzetsa pikapu matumba a urea ndi NPK, thumba limodzi labooka, mvula yagwa, madzi a fetelezawo atsikira m'chesisi, ndipo feteleza amadya chitsulo ngati mchere womwewo. Onjezani matope a m'misewu ya kumidzi omwe amamatirira pamwamba pa thanki ndi m'mamadigadi miyezi isanu osauma. Ndiye mutsuke mpaka mbee, osapala dzimbiri, osapaka pulaimala ndi underseal kapena wax wa kunsi tsiku lomwelo, mwangolisendera dzimbiri chinangwa kuti lidye bwino.

Ndipo musati basi tibwerere ku oyilo wakuda wochotsa mu injini, chizolowezi chathu chija chopopera kunsi kwa galimoto. Ndinapoperapo nane ndili mnyamata, sindikana. Amafewetsa mabushi a labala, amakola fumbi, akadonthera pa mabuleki galimoto siima bwino, wina amathera pa ekizozi yotentha. Enanso mumakaimika galimoto m'mbali mwa Bua nkumatsuka mafuta onsewo kulowa m'madzi momwe amayi akuchapa ndi ng'ombe zikumwa chakumunsi, manyazi mulibe?

Ngati ndalama ya makina enieni palibe, madzi a paipi okwanira, bulashi ya waya, kuumitsa bwinobwino nkupaka, zimagwira ntchito, bola mfuti ya car wash musailozetse pafupi pa ma CV boot, malabala otchinga majoini a pafupi ndi matayala, ndi pa masensa. Yang'anani mapaipi a mabuleki mvula isanayambe, ndi amene amaboola mwakachetechete.

Cooler box ija ndinaitulutsa panja kuseri kwa galaja, chivundikiro chotsegula, ndinakhala pomwepo kuthamangitsa ana omwe amafuna kutola ati ayezi woika mu thobwa. Pofika m'mawa munalibe kanthu, ndalama zonse zapita mumphepo, pikapu ya mwini wake ikadali pa dzenje ndi matope ake, ndipo wokonza sangagwire sipanala mpaka zala zipole.