Nkhuni zaziwisi koma mtengo wa ku hotela

Koma zinthu zina mu Lusaka muno zimatopetsa mwe. Masiku ano malesitilanti a mu komboni, kaya ku Chilenje kaya ku Kabwata, alemba pa bolodi kuti timaphika pa nkhuni, basi mtengo wa nsima ndi nkhuku ya lokolo akweza, pamene agogo athu ku Chipata akhala akuphikira pa mafuwa moyo wawo wonse osalipiritsa munthu olo ngwee.

Ine sindikukana, nyama ya pa nkhuni imakoma makamaka ya mbuzi, ndipo mu 2024 muja madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumazima tsiku lonse, malo amenewa ndi amene ankatidyetsa. Koma abale gulani nkhuni zouma! Zaziwisi sizimayaka bwino zimangofuka, utsi wonse kubwera kumatebulo, maso kuwawa misozi mbwee, iwe wavala shati yoyera ukubwerera ku ntchito, mu minibasi anthu akungokuyang'ana ngati wachokera kootcha makala.

Ndiye kudikira kwake. Ukafunsa kuti amayi chakudya chili pati, yankho ndi lomwe lija, "pang'ono chabe bambo, moto ukugwira." Ukugwira kuyambira liti? Nyama imafuna makala ofiira malawi atatsika, koma iwo poona kuti makasitomala akwiya amangoiponya pa malawi, kunja yapserera mkati muli magazi. Nsima nayo anaomola kalekale yafika yozizira, chibwabwa chokha ndiye chotentha. Ukadandaula akuti ndi mmene imakhalira ya pa nkhuni. Bodza, mwangosowa wodziwa kusonkha moto.