Tisamawaseke amene ankafuna kupanga golide

Ndimadabwa ndikamva anthu ophunzira akunyoza akatswiri akale a alchemy, ati anali opusa chifukwa ankafuna kusandutsa mtovu kuti ukhale golide. N'zoona kuti golideyo sanamupange, koma maganizo anga ndi akuti wonyozayo sanaonetsetse zimene anthuwa ankachita pa ng'anjo zawo.

Ntchito yawo yaikulu inali kutcheza, ndipo aliyense amene anaonapo mayi akutcheza kachasu waimvetsa kale njirayo: moto pansi, nthunzi ikwera n'kulowa mumpope, izizira, kenaka idontha pang'onopang'ono m'botolo. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ankaika m'miphika ya galasi michere ya m'nthaka monga vitriol, saltpetre ndi alum, ndipo chimene chinkadontha chinali asidi wa nitric, wolusa moti amadya siliva ndi mkuwa. Koma golide ankangokhala phee m'menemo, osasintha ngakhale mtundu.

Apa ndi pamene ndimawagomera. Mabuku a Chilatini olembedwa m'dzina la katswiri wakale wa alchemy Geber, amene anafala ku Ulaya cha m'ma 1300, amafotokoza kuti ukathira mchere wa sal ammoniac mu asidiyo, golide amasungunuka. Madziwa ndiwo aqua regia, amene lero amapangidwa posakaniza gawo limodzi la asidi wa nitric ndi magawo atatu a asidi wa hydrochloric. Palibe mwa awiriwa amene angathane ndi golide payekha, chifukwa nitric amangomugwedeza pang'ono, ndipo ndi klorini wa mnzakeyo amene amamugwira n'kumusunga m'madzi kuti asabwerere. Akalewo sankadziwa chifukwa chake, komabe anafikapo mwa kuyesa mosatopa, akupuma utsi wowononga mapapo.

Sindikukana kuti ena anasochera. Otsatira a Paracelsus, dokotala wakale wa ku Switzerland, ankasakasaka alkahest, madzi oti asungunule chilichonse, mpaka katswiri mnzawo Johann Kunckel anawafunsa kuti nanga madzi oterowo adzawasunga m'chiyani.

Koma aqua regia anagwira ntchito. M'chaka cha 1940, asilikali a Germany atalowa mu Copenhagen, likulu la Denmark, wasayansi George de Hevesy anasungunula mu aqua regia mamendulo a golide a mphoto ya Nobel a asayansi anzake Max von Laue ndi James Franck kuti asilikaliwo asawapeze, n'kusiya botololo pa shelefu pakati pa mabotolo ena kusukulu ya kafukufuku ya Niels Bohr. Asilikali amene anadzafufuza pamalopo sanalilabadire. Nkhondo itatha, golideyo anamuchotsa m'madzimo n'kumutumiza ku Stockholm, ku Sweden, komwe anasulanso mamendulowo n'kuwabwezera kwa eni ake.