Chingerezi cha ku Ireland sichophotchoka, ndipo "craic" alembedwa bwino

Abale anga amene muli kuno ku Ireland, makamaka inu obwera kumene, pali nkhani yomwe yakhala ikundisowetsa mtendere. Ndimamva anzathu ena akunena kuti anthu a kuno sadziwa Chingerezi, ati amangoyankhula zophotchoka ndipo ngakhale kalembedwe kawo n'kolakwika. Mawu amenewa amandiwawa chifukwa si oona, komanso akutilepheretsa kumva zomwe eni dziko akutiuza.

Tiyambe ndi liwu lomwe aliyense amakumana nalo asanathe n'komwe sabata: "craic". Munthu akakufunsani kuti "What's the craic?" musadzidzimuke poganiza za "crack", mankhwala ozunguza bongo aja. Akungofunsa kuti zikuyenda bwanji, kuli zotani. Akanena kuti "the craic was mighty" ndiye kuti kunali macheza a mtima bii ayi, koma okoma zedi, kuseka mpaka nthiti kuwawa, nyimbo ndi nthabwala.

Liwuli lili ndi mbiri yozungulira. Silinabadwire m'Chiairishi, chinenero chomwe eni ake amachitcha Gaeilge. Anthu a ku Scotland ndi kumpoto kwa England ndiwo ankati "crack" potanthauza nkhani kapena macheza, ndipo linawoloka nyanja n'kukhazikika makamaka ku Ulster, kumpoto kwa Ireland. Oyankhula Chiairishi atalitola anakumana ndi vuto limodzi: zilembo zawo zamakolo zilipo 18 zokha, ndipo k mulibemo. Analilemba tsono m'njira yawo, "craic". Kuyambira mu 1976, Seán Bán Breathnach ankachititsa pulogalamu ya Chiairishi pa kanema wa RTÉ, ndipo mawu ake otchuka anali akuti "beidh ceol, caint agus craic againn", kutanthauza kuti tikhala ndi nyimbo, macheza ndi chisangalalo. Posakhalitsa oyankhula Chingerezi analitenganso, koma litavala kale zovala za Chiairishi. Lero mukadutsa m'malo omwera ku Galway kapena ku Temple Bar mu Dublin, zikwangwani zake ndi "ceol agus craic".

Si onse anakondwa nazo. Katswiri wa zinenero Diarmaid Ó Muirithe, yemwe ankalemba m'nyuzipepala ya Irish Times, ankadana ndi kalembedwe kameneka, ankati n'kongopeka pofuna kuti liwu la Chingerezi lioneke ngati la Chiairishi. Pa mbiri ya liwulo ankanena zoona. Koma pa chigamulo chake ine sindigwirizana naye. Ifeyo timalemba sukulu, buku, tebulo, supuni, ndipo palibe amene angaime n'kunena kuti mawu amenewa ndi achinyengo. Anthu akalandira liwu, n'kulilemba ndi zilembo zawo, n'kuliyankhula kwa zaka makumi angapo, lasanduka lawo basi. Choncho polemba uthenga kwa mnzanu wa kuno, lembani "craic". Mukalemba "crack" akumvani ndithu, koma pa foni zimaoneka zina.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi mawu ena aja amene amamveka ngati Chingerezi chosokonekera pomwe pansi pake pagona Chiairishi. Kumbukirani zomwe anthuwa anadutsamo. Sukulu za boma zomwe zinayamba mu 1831 zinkaphunzitsa m'Chingerezi, ndipo ana ena ankavekedwa kamtengo m'khosi komwe ankalembapo chizindikiro nthawi iliyonse mwana akayankhula chinenero cha makolo ake, kenako n'kulangidwa. Ife amene tinakwapulidwapo kusukulu chifukwa choyankhula Chichewa tikuyenera kumvetsa msanga ululu wake. Kenako kunabwera njala yaikulu ya 1845 mpaka 1852, yomwe inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, enanso ochuluka chomwecho n'kuthawa m'dziko, ambiri mwa iwo ochokera m'madera oyankhula Chiairishi. Pa kalembera wa 2022, anthu oposa 1.8 miliyoni anati amatha Chiairishi, koma ochiyankhula tsiku ndi tsiku kunja kwa sukulu anali pafupifupi 72,000 okha. Chinenerocho chinachoka pakamwa pa ambiri, koma maganizidwe ake anatsalira m'Chingerezi chawo.

Onani izi. Akati "she was giving out to me", sakunena kuti mayiyo amagawa zinthu. Akunena kuti amandikalipira, ndipo anachita kutembenuza mawu a Chiairishi akuti "ag tabhairt amach". Mukamufunsa munthu ngati akubwera, kawirikawiri amayankha kuti "I am" m'malo mongoti inde, chifukwa Chiairishi chilibe mawu apadera a inde ndi ayi, amayankha pobwereza mneni. Ndiye wina azinena kuti uku n'kusaphunzira?

Ena ndi opepukirapo. "Yoke" ndi chinthu chilichonse chomwe dzina lake laiwalika, chakuti chija. "Press" ndi kabati, "messages" ndi zogula kusitolo, "banjaxed" ndi chinthu chowonongekeratu, "deadly" ndi chabwino kwambiri. "Yer man" ndi "yer wan" ndi mkulu uja ndi mayi uja, ndipo amalemba choncho dala potsatira katchulidwe. "Eejit" linachokera ku "idiot" monga momwe limamvekera pakamwa pawo. Pakati pa anthu ozolowerana limanenedwa mwachikondi, koma chonde musaliyesere pa munthu wamkulu kapena bwana wanu. Chimodzimodzi "culchie", dzina lomwe a m'tauni amatchulira anthu a kumudzi. Eni ake akhoza kudzitchula okha monyadira, koma likachokera kwa mlendo limabaya.

Pa kalembedwe, pali kamzere kaja kopendekeka pamwamba pa a, e, i, o, u, komwe amakatcha fada. Si kokongoletsa. Kamatalikitsa liwu ndipo kamasintha tanthauzo. Seán ndi dzina la munthu, pomwe "sean" ndi chinthu chakale kapena chokalamba. Mukamalemba "sláinte", mawu ofunirana thanzi labwino pokweza matambula, kaikeni. Pa foni ingodinikizani chilembocho kwa kanthawi, kabwera. Mayina nawonso tiwaphunzire m'malo mowaseka. Siobhán amatchulidwa ngati Shivoon, Niamh ngati Niiv, Aoife ngati Iifa, ndipo bh ndi mh m'mayina awiri oyambawo zimamveka ngati v. Malamulo alipo ndipo ndi okhazikika, kungoti si a Chingerezi. Ife timakwiya mayina athu akamapotozedwa pa ntchito, ndiye tisachitire anzathu zomwezo.

Ndatsindika zonsezi makamaka chifukwa cha inu amene mukugwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, poti tilipo ambiri. Tayerekezani mwalowa m'chipinda m'mawa, gogo wakhala pampando pafupi ndi zenera, bulangete pamiyendo, tambula ya madzi ili theka patebulo, n'kukuuzani kuti "I'm after taking my tablets." Ndi Chingerezi chathu cha kusukulu mungamve ngati akufuna mankhwala. Ayi ndithu. Akukuuzani kuti wangomwa kumene, potsatira Chiairishi chakuti "tá mé tar éis". Kusamva kamodzi kokha pamenepo, munthu akhoza kumwa mankhwala kawiri. Onani kaye pomwe palembedwa za mankhwala ake, ndipo mufunse namwino.

Ndipo gogo yemweyo mukamufunsa mmene wadzukira, adzati "I'm grand". Liwuli silitanthauza kuti ali bwino kwambiri, limangotanthauza kuti choncho, zili apo. Okalamba ambiri a kuno amalinena ngakhale chiuno chikuwawa usiku wonse, posafuna kuvutitsa munthu. Khalani naye pansi pang'ono, mumuyang'ane nkhope ndi mmene akugwirira mkono wa mpando podzuka, kenako mufunsenso kachiwiri kuti pakupweteka ndi pati.