Inu omangitsa cruise control, imvani chenjezo ili

Ndikulankhula ndi inu amene munamangitsa cruise control, kabokosi kosunga liwiro la galimoto inu osaponda moto, pagalimoto yomwe inachoka kufakitale ilibe. Mwendo umapuma paulendo wautali, zimenezo palibe akukana. Chondidetsa nkhawa n'chakuti ambiri mwa inu simudziwa ndi dzina lomwe la kampani imene inapanga kabokosiko. Katoni munataya, mapepala ake munataya, makaniko amene anakamanga munamuiwala. Nanga tsiku limene opanga adzalengeze kuti kali ndi vuto, kabwezedwe, uthengawo udzakupezani bwanji?

Galimoto iliyonse ili ndi nambala yakeyake yoizindikiritsa; pamagalimoto ambiri nambalayi ndi VIN, ya zilembo ndi manambala 17. Ku America, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu la NHTSA limalola munthu kulemba nambalayo pa intaneti n'kuona ngati galimoto yake inaitanidwa kuti ikakonzedwe. Koma kachipangizo komangidwa pambuyo sikalembedwa pa VIN. Mutha kufufuza, n'kupeza kuti zonse zili bwino, pamene pansi pa chiwongolero pali kabokosi kamene opanga ake anakaitana kalekale. Opanga sadziwa kuti kali m'galimoto ya yani pokhapokha mutalembetsa. Ndiye muyenera kufufuza ndi dzina la kampani komanso nambala yolembedwa pakabokosipo, ndipo ntchito imeneyo palibe angakugwirireni.

Musaganize kuti ndikukokomeza. Mu 2018 kampani ya Fiat Chrysler inaitana magalimoto pafupifupi 4.8 miliyoni ku America chifukwa cruise control inkatha kukana kuzima, ndipo inauza eni ake kuti asiyiretu kuigwiritsa ntchito mpaka itakonzedwa. Ford nayo, kuyambira 1999 mpaka 2009, inaitana magalimoto oposa 14 miliyoni chifukwa cha kaswitchi kozimitsira cruise control, kamene kankayambitsa moto ngakhale galimoto itaima, injini ili yozima. Izitu zinali zomangidwa kufakitale, ndi akatswiri, zitayesedwa. Nanga kanu kaja, kolumikizidwa ndi mawaya okulunga tepi?

Kachipangizoka kamalowa pakati pa phazi lanu ndi injini. Pamagalimoto akale kamakoka waya wopatsira moto, pa atsopano kamatumiza uthenga ku kompyuta ngati kuti ndinu mwaponda. Chokaletsa ndi waya wochokera pa switchi ya buleki, ndi ya klatchi ngati galimoto ndi yosintha magiya pamanja. Wayawo ukalumikizidwa mwachisawawa, mudzaponda buleki injini ikukokabe. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, galimoto imadya mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi anthu amene anaona kale zizindikiro. Galimoto inadziwonjezera yokha liwiro tsiku lina, kapena munaponda buleki koma inachedwa kumvera, inu n'kungoti "imatero nthawi zina." Ayi, ana anga, siyenera kutero ngakhale kamodzi. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. M'galimotomo mumanyamula ana, ndipo amene akuyenda m'mbali mwa msewu sanavomere nawo zoyeserera zanuzo. Kazimitseni lero, ndipo pitani kwa makaniko wodziwa za magetsi a galimoto akakachotse kapena akakaunike bwinobwino.

Zikakuchitikirani muli pamsewu, pondani buleki mwamphamvu osachotsa phazi, ikani giya pa N kapena pondani klatchi. Injini ilira kwambiri, isiyeni ilire. Patukirani pambali, ndipo muzimitse mutaima. Musazule kiyi galimoto ikuyenda, chiwongolero chikhoza kukhoma.

Ndipo inu ogulitsa magalimoto, lekani kubisa. Muuzeni wogulayo kuti cruise control ili mmenemo ndi yomangitsa, mumupatse dzina la opanga ndi mapepala ake onse.