Musalipire nyumba yomwe simunalowemo, ana anga a ku Salima

Ndakhala pa Salima pano kuchokera nthawi imene sitima yonyamula anthu inkaima pa siteshoni pathupa, ndipo kuseri kwa nyumba yanga kuli tinyumba tiwiri ta lendi. Zomwe ndikunenazi si zakumva.

Mwezi wathawu mwana wa mlongo wanga, mphunzitsi amene wangotumizidwa kumene kuno, anagogoda pakhomo panga usiku, matilesi ali pamutu. "Amalume, andibera." Anaona chithunzi cha nyumba pa Facebook, naimba foni. Munthu wa pakamwa pokoma anamuuza kuti nyumbayo ili pafupi ndi Kamuzu Road ndipo anthu ena atatu akuilimbirana. Iye ali ku Lilongwe komweko anatumiza pa foni ndalama ya miyezi itatu. Atafika ndi katundu anapeza m'nyumbamo muli banja likuphika nsima, eni ake sakudziwa kanthu. Nambala ija mpaka lero siikupezeka.

Pogona ndinamupatsa, koma kumudzudzula sindinasiye. Kuchoka ku Lilongwe kufika kuno ndi makilomita pafupifupi 100 basi, minibasi umakwera m'mawa n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Chinamuletsa n'chiyani kudzaona ndi maso? Fulumira anadya gaga, ndipo si iye yekha. Ambiri mwa inu mukuchita zomwezi.

Kuti lendi yakwera, palibe angatsutse. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo simenti, malata, penti ndi mapaipi zinakwera nayo limodzi. Munthu womanga lero sangatchaje mtengo wa kale. Komanso anthu achuluka pa boma pano: a ku fakitale ya shuga, mabanja a asilikali a ku MAFCO (sukulu yophunzitsa asilikali), ophunzira a ku Salima Technical College, ogwira ntchito m'malo ogona alendo ku Senga Bay, aphunzitsi, anamwino. Onsewa akufuna nyumba ya mpanda, ya madzi ndi magetsi, kufupi ndi msewu wa tara, pomwe nyumba zotere n'zowerengeka. Apa ndi pamene madobadoba apezerapo msika. Ena ndi anyamata okhulupirika, amakuperekezadi kwa mwini nyumba. Koma ena amangofuna ya "kukaona nyumba", n'kumakuzungulitsa pa kabaza tsiku lonse. Wina akakuuza kuti lipira msanga ena angakulande, imeneyo ndiye nthawi yoti ugwire thumba lako zolimba.

Ngakhale nyumba ili yeniyeni, mwini wake weniweni, mukulowa mwachimbulimbuli. Mumayang'ana matailosi ndi penti, n'kuiwala kuti kuno ndi kuchigwa. Malo ambiri ndi athyathyathya, mvula ikagwa madzi amadikha. Nyumba yooneka bwino mu August, pofika February umalowa utakwinya buluku. Yang'anani m'munsi mwa khoma, mzere wa matope a chaka chatha sunama. Funsani amayi oyandikana nawo, osati dobadoba, kuti dzinja kumakhala bwanji. Chimbudzi chokumba pa mchenga chimatitimira, kachioneni. Kwezani maso kudenga: malata opanda siling'i mu October wa ku Salima kuno, mwana wakhanda sagona. Mawindo opanda sefa ndiye kuitana malungo.

Nanga za mita? Mabanja anayi pa mita imodzi ya magetsi, wina ali ndi fuliji ndi mbaula, wina babu limodzi, koma mayunitsi mugawane mofanana. Milandu yambiri yomwe ndaitanidwa kukaweruza pakati pa alendi inayambira pamenepa. Mpopi nawonso funsani ngati uli ndi ngongole yakale ku Central Region Water Board, chifukwa akabwera odula madzi safunsa kuti anamwa ndani. Safunsa anadya phula.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi: mumapereka ndalama zonsezo popanda pepala. Mumati n'zamanyazi kupempha risiti kwa munthu wamkulu. Manyazi a chiyani? Ine alendi anga ndimalemba nawo m'kope wamba la ana a sukulu: mtengo, tsiku lolipira, wokonza denga likadontha ndani, miyezi ingati yodziwitsana wina asanatuluke kapena mtengo usanakwere. Timasaina tonse, mboni ilipo. Mwini nyumba wokana kulemba wakuuza kale khalidwe lake.

Inu achinyamata ongoyamba ntchito, ndikudandaulirani. Malipiro anu mukuwadziwa, koma mukuthamangira nyumba ya bafa ndi chimbudzi m'kati kuti anzanu akuoneni. Miyezi iwiri yokha, mwayamba kukongola ku banki m'khonde kuti mulipire lendi, kenako katapila. Mapeto ake ndi kusamuka pakati pa usiku pa ngolo, kusiya dzina loipa m'tauni yaing'ono ngati ino, momwe eni nyumba tonse timakumana kumaliro ndi kumsika. Chipinda chimodzi cha kutali pang'ono, cha mjigo pafupi, sichinaphepo munthu. Ine ndinayambira m'chotero.

Anzanga eni nyumba, nanunso sindikusiyani. Kugwa kwa Kwacha kusakhale chobisaliramo. Nyumba munamanga kalekale, penti simunapakepo, denga likudontha, koma mukamva kuti kwabwera anthu a pulojekiti mumakweza lendi pa foni, mwezi womwewo. Ena mwafika pochotsa chitseko kuti mlendi atuluke, ana ali m'katimo. Zimenezo ndi nkhanza. Ngati wakanika kulipira, kuli amfumu, kuli khoti. A pulojekiti adzapita ntchito ikadzatha, amene mudzatsale nawo ndi aphunzitsi ndi anamwino omwewa mukuwathamangitsa lero.

Mwana wa mlongo wanga uja tinakanena ku polisi, ndipo akugonabe pabalaza panga. Loweruka tikupita limodzi cha ku Kaphatenga kukaona nyumba ina. Ndamuuza kuti atenge kope ndi cholembera, ndalama azisiye kunyumba.