Makhadi a ukwati: werengani makomo musanawerenge ndalama

Chaka chatha mng'ono wanga anandipatsa udindo wa makhadi a ukwati wake. Ndinavomera mosangalala, mumtima ndikuti ndapulumuka, ena alimbane ndi holo ndi telala, ine ndingopita kwa osindikiza kamodzi basi. Mpaka lero pamwamba pa kabati yanga pali katoni ya makhadi 200 amene sanafike pakhomo la munthu aliyense. Ndiye anzanga amene mukukonzekera ukwati mukamandifunsa kuti pa makhadi tiikepo zingati, dziwani kuti yankho langa likuchokera m'katoni imeneyo.

Ndisazungulire. Makhadi, maenvelopu ndi kutumiza kwake, zonse pamodzi, zisadye kupitirira magawo 3 pa 100 alionse a ndalama za ukwati wonse. Zikafika pa 5 pakhale chifukwa chomveka, monga kuti abale ambiri ali kunja ndipo muwatumizira pa positi. Umenewu ndi muyezo wanga, si lamulo la m'buku. Mitengo imasiyana dziko ndi dziko ndipo imasintha mwezi ndi mwezi, koma ntchito ya khadi ndi imodzimodzi kulikonse: kunena amene akukwatirana, tsiku, nthawi, malo, ndi amene waitanidwa. Likamaliza kunena zimenezo, latha ntchito. Ambiri amaliwerenga kawiri, tsiku lolilandira ndi m'mawa wa ukwatiwo pofuna kutsimikiza nthawi.

Cholakwa changa choyamba chinali cha masamu a sitandade 2. Mndandanda wa alendo unali ndi mayina 200, ine ndinaitanitsa makhadi 200. Sindinaganize n'komwe kuti malume ndi akazi awo amalandira khadi limodzi, kuti msuweni wanga ndi ana ake atatu amakhala nyumba imodzi. Nditakhala pansi ndi cholembera n'kuyamba kulumikiza mayina a anthu okhala khomo limodzi, anatuluka makomo 118. Tangoganizani. Ndinali nditalipira makhadi 82 opanda kopita, aliyense ndi envelopu yake ndi riboni yake. Choncho musanafunse mtengo kulikonse, mndandanda wanu ukhale wa makomo. Kenako onjezanipo makhadi 10 kapena 15 pa 100 alionse: a munthu amene mwamuiwala (alipo ndithu, mumukumbukira usiku wina muli gone), a envelopu imene mulakwitse dzina polemba, ndi awiri atatu osunga.

Koma zimenezo n'zazing'ono. Chachikulu chinali deti.

Osindikiza ananditumizira sampulo pa foni madzulo, ndili m'basi, nditatopa. Ndinaona maluwa, ndinaona golide, ndinaona kuti mayina alembedwa bwino, ndinayankha kuti zili bho, pitirizani. Patatha sabata makhadi anafika, okongola zedi, onunkhira inki. Ndinapereka loyamba kwa azakhali athu. Iwo anakankhira magalasi pansonga ya mphuno, anawerenga pang'onopang'ono milomo ikugwedezeka, kenako anadzuka n'kupita pa kalendala ya pakhoma. Anaika chala pa nambala, n'kucheuka modekha.

"Mwana wanga, ndiye tibwere Lachisanu, kapena tibwere pa 15?"

Khadi linati Loweruka pa 14. Mwezi umenewo pa 14 linali Lachisanu. Ndinamva thukuta lozizira kumsana. Osindikiza analibe mlandu, sampulo ndinaivomereza ndekha ndi chala changachi. Ndipo apa m'pamene ndinaphunzira mmene mtengo wa kusindikiza umayendera, zimene ndikanadziwa poyamba bwenzi ndalama ya mng'ono wanga isanapsere chabe.

Pa ntchito yosindikiza pali mtengo wa kukonzekera ndi mtengo wa khadi lililonse, ndipo kawirikawiri wopweteka ndi woyambawo. Golide wonyezimira uja sachokera mu inki. Amayamba agoba chidindo chachitsulo chokhala ndi mawu anu, amachitenthetsa, n'kudinda nacho kapepala konyezimira kuti kamatirire pa khadi. Chidindocho n'cha inu nokha, munthu wina sangachigwiritse ntchito. Ifeyo deti linali m'gulu la mawu agolide, ndiye kusintha nambala imodzi kunatanthauza chidindo chatsopano. Makina a offset, aja aakulu osindikizira mabuku ndi nyuzipepala, nawonso amafuna mapuleti, timalata tojambulidwapo mawu anu, mtundu uliwonse puleti yake, n'chifukwa chake amatchipa mukamasindikiza zambirimbiri koma amaluma mukafuna zochepa. Palinso letterpress, mdzukulu wa makina amene Johannes Gutenberg anapanga ku Mainz cha m'ma 1450, imene imasiya zilembo zitalowa m'pepala moti umazimva ndi chala. N'njokongola, sindikana. Koma mtundu uliwonse khadi limadutsa m'makina palokha, mitundu itatu ndiye maulendo atatu. Njira ya digital, imene ili ngati printa ya mu ofesi koma yaikulu ndi yamphamvu, ilibe mapuleti kapena chidindo. Pa makhadi 100 kapena 150 imeneyi ndiyo imakomera thumba, ndipo mukasowa ena 20 mawa mumangobwererako osayambanso zonse.

Chenjezo limodzi pa digital: makina wamba amasakaniza inki za mitundu inayi basi, zimene amazitcha CMYK, ndipo golide wa mmenemo amatuluka ngati chikasu choderako, osanyezimira. Zimene mukuona pa foni zimawala chifukwa kuseri kwa galasi kuli kuwala. Papepala mtundu womwewo umafatsa. Ndiye musavomereze chinthu pa foni ngati ine. Lipirani sampulo imodzi yeniyeni, muigwire m'manja, muipereke kwa anthu awiri amene sanaonepo dizayiniyo, mmodzi akhale wachikulire wokonda kalendala. Aziwerenga mokweza, dzina ndi dzina, nambala ndi nambala. Maso a munthu amene walemba yekha amaona zimene amafuna kulemba.

Ulendo wachiwiri tinasindikiza 135, pa digital, opanda golide. Palibe anadandaula. Palibe ngakhale anazindikira.

Tsopano za zokometsera, chifukwa apa m'pamene bajeti imathawira mwakachetechete. Mukafika kwa osindikiza amakuyalirani zitsanzo patebulo. Ili lili ndi riboni, ili lili ndi kachidindo ka phula, ili analidula ndi laser ngati lesi, ili lili ndi thumba m'kati momwe mumakhala timakhadi tina titatu. Chilichonse amati mungowonjezera pang'ono. Zoonadi, pa khadi limodzi ndi pang'ono. Chulukitsani ndi 135. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndipo zina mwa zokometserazi zinatha ntchito kalekale. Kapepala kopyapyala kaja kamene amaika pamwamba pa mawu kanali koteteza inki kuti isapakike isanaume. Inki ya masiku ano imauma msanga, koma kapepalako tikugulabe, ambiri osadziwa kuti n'ka chiyani. Wolandira amakachotsa n'kukataya asanawerenge n'komwe.

Ngati mukufuna khadi looneka laulemu, ndalama iikeni pa pepala. Pepala la mu ofesi limakhala la 80 gsm, kutanthauza magalamu 80 pa sikweya mita imodzi. Khadi la 300 kapena 350 gsm limaima lokha, silipindika m'chikwama, ndipo munthu akaligwira amamva kuti wapatsidwa chinthu. Pepala lochindikala, zilembo zooneka bwino zoti agogo awerenge popanda kuitana mdzukulu, mtundu umodzi kapena iwiri. Kwa ine n'zokwanira.

Kukula kwake nakonso n'ndalama. Khadi la A6 ndi mamilimita 105 kwa 148, ndipo pa pepala la A4 amatulukapo anayi. La A5, mamilimita 148 kwa 210, amatulukapo awiri. Onsewa ali ndi maenvelopu opangidwa kale, C6 ndi C5, amene amapezeka paliponse. Mukasankha muyezo wanuwanu, pepala lambiri limathera m'zidutswa zotaya, ndipo envelopu imafunika yochita kupangitsa. Ndiye kukubwera positi. A6 wa 300 gsm salemera n'komwe magalamu 5, pamene A5 amapitirira pang'ono magalamu 9. Onjezani timakhadi tam'kati, envelopu yoyankhira, riboni ndi phula, muona sikelo ikukwera. Ku United States sitampa wamba imanyamula ounce imodzi, pafupifupi magalamu 28, ndipo envelopu ya mbali zinayi zofanana amailipiritsa mowonjezera chifukwa makina osankha makalata saikwanitsa. Ku Britain kalata ikachindikala kupitirira mamilimita 5 imalowa m'gulu la makalata aakulu, mtengo n'kusintha. Mfundo ya riboni yokha ikhoza kukudumphitsani malire amenewo. Walira mvula walira matope. Musanagule masitampa, tengani envelopu imodzi yodzaza ndi kumata, mupite nayo ku positi ofesi akaiyeze.

Ena mukuti bwanji osangotumiza pa WhatsApp, nkhani ithe? Sinditsutsa, ndipo kwa anzanu a kuntchito, a kusukulu, ndi onse amene foni siichoka m'manja, chithunzi kapena PDF chimafika msanga ndipo sichisochera m'dirowa. Koma pali anthu amene uthenga wa pa foni suwakwanira, ndipo mukuwadziwa. Agogo, makolo a mbali zonse ziwiri, akuluakulu amene anakulerani. Amenewa khadi amalisunga, ena amaliika m'Baibulo, ena pafupi ndi zithunzi za banja. Ndiye gawani mndandanda pawiri. Mwina mupeza kuti makomo ofunikadi pepala ndi 40 kapena 50, ndipo pa nambala imeneyo mukhoza kugula pepala labwino kwambiri osalira. Kungoti khadi la pa foni lili ndi vuto lake: limatumizidwa kwa ena ndi chala chimodzi. Lembanipo dzina la woitanidwa ndi chiwerengero cha anthu, ndipo musaliponye m'gulu.

Zimenezi zikundifikitsa pa chimene ndimachiona chachikulu kuposa pepala ndi inki. Khadi lililonse limene latuluka m'manja mwanu ndi lonjezo la mpando, mbale ya chakudya ndi chakumwa, ndipo kawirikawiri kwa anthu awiri. Mtengo wa khadilo ndi kachigawo chabe ka zimene likukokera kumbuyo. Makhadi otsala ndi oopsa pa chifukwa chimenechi. Amakhala patebulo akukuyang'anani, mumayamba kumva chisoni kuti awonongeka, kenako mayi akuti kodi aneba aja akale tawapatsa? Bambo akuti mnzanga wa kuntchito uja asamve kwa anthu. Mukuganiza kuti mukupulumutsa khadi, pamene mukuwonjezera mipando iwiri. Tikanakhala kuti makhadi 82 aja analibe vuto la deti, ndikudziwa bwino banja lathu, onse akanapeza kopita, ndipo holo sikanatikwana. Nthawi zina ndimaseka ndekha kuti Lachisanu lija linatipulumutsa.

Pa za kuyankha, zilembo za RSVP n'chidule cha mawu a Chifalansa opempha kuti chonde yankhani, ndipo anthu ambiri amangozidumpha ngati chokongoletsera. Lembani m'chilankhulo chimene alendo anu amamva: tiuzeni ngati mubwera pofika tsiku lakuti, pa nambala iyi. Kakhadi koyankhira ndi envelopu yake ndi sitampa yake n'kuwirikiza mtengo wa positi pa chinthu chimene foni imachita ulere. Mapu a malo, ndondomeko ya tsikulo, zonsezo zikhoza kulowa mu QR code, timabokosi takuda tija timene mumaloza ndi foni kuti muwerenge, kuseri kwa khadi. Timabokosi timeneti anatipanga a kampani ya Denso Wave ku Japan mu 1994 kuti azilondolera zipangizo za galimoto m'fakitale, lero tikulondolera azakhali ku holo. Koma dzina la malo ndi nthawi zilembedwe ndithu ndi mawu, si onse amene aloze foni pa khadi.

Mukamafunsa mitengo, funsani malo atatu, ndipo onse muwafunse chinthu chimodzimodzi: nambala yomweyo, muyezo womwewo, pepala lomwelo. Awauzeni akulembereni mtengo wonse. Kodi dizayini ili momwemo? Mungasinthe kangati asanayambe kulipiritsa? Maenvelopu alipo? Kudula, kupinda, msonkho, kukubweretserani? Mtengo wotsika wa pakamwa umakonda kubereka ana tsiku lokatenga katundu. Funsaninso kuti mukadzafuna ena 20 adzakhala pa mtengo wanji, yankho lake limakuuzani zambiri za njira imene akugwiritsa ntchito. Ndipo yambani msanga. Makhadi amayenera kufika kwa anthu kutatsala masabata 6 mpaka 8, a kutali kuposa pamenepo, ndiye kwa osindikiza muzipita kutatsala miyezi itatu kapena inayi. Ntchito yachangu amailipiritsa mowonjezera, ndipo ife ulendo wachiwiri uja tinalipira chimenecho pamwamba pa zonse, chifukwa masabata anali atatithera.

Mng'ono wanga anandikhululukira, ngakhale akafuna kundiseka amangondifunsa kuti achemwali, lero n'lachingati? Makhadi a m'katoni aja kuseri kwake n'koyera, pepala lake lolimba, 350 gsm. Mwana wanga wazaka zisanu amatengamo limodzi limodzi n'kumajambulapo nyumba ndi amphaka. Dzulo ndinawerenga, atsala 160.